MAPEPALA AKALE A M'NYUMBA: OSUNGA NDI OTENTHA

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi



Kukolola kwatha m'madera ambiri, ndipo khasu layamba lapuma. Ino ndi nyengo imene amayi alikumweta udzu ndi kuzira nyumba, abambo alikukonza madenga ndi nkhokwe. Pogwira ntchito zimenezi katundu wa m'nyumba amatulutsidwa pabwalo, ndipo ndi pamene zimaonekera zija zinabisala chaka chonse: sutikesi ya pansi pa kama, chitini cha pa mtanda, thumba la pulasitiki lotsomekedwa ku denga, zonse zodzaza ndi mapepala. Lero ndifuna tikambe za mapepala amenewo, ndi pang'ono za zinthu zina zakale zimene zimaunjikana nawo.

Mwina wina anena kuti, "Kodi mlangizi wa zaulimi za mapepala zimkhudza bwanji? Atiuze za mizere ndi manyowa." Yankho lake ndi ili: ulimi wa masiku ano umayenda ndi mapepala. Fodya afuna chilolezo, ngongole ya ku kalabu ifuna lisiti, ng'ombe pogulitsa ifuna kalata, ndipo munda umene mulikulimawo tsiku lina udzafuna umboni. Mlimi angathe kulima bwino ndithu, koma nataya phindu lake chifukwa cha kapepala kamodzi kamene chiswe chinadya.

Pa nkhani iyi anthu timalakwa pawiri. Alipo ena amene sataya pepala lililonse. Kapepala ka mtengo wa sopo, mayeso a mwana a Sitandade 3, kalata yoitanira ku ukwati umene unachitika kalekale, nyuzipepala ya chaka chija, zonse amaika pamodzi ndi chikalata cha munda. Mulu ukakula palibenso amene amautsegula, ndipo umasanduka nyumba ya mphemvu ndi makoswe. Tsiku lofuna chikalata chija munthu amakhuthula zonse pansi mwaphuma, galimoto ilikudikira pa msewu, osachipeza. Kapena achipeza chitasanduka dothi. Alipo enanso, makamaka achinyamata, amene akatopa ndi mulu uja amangounyamula wonse nakauponya pa moto. Awa ndiwo amandidetsa nkhawa koposa, pakuti pepala lodyedwa ndi chiswe mbali imodzi nthawi zina limawerengekabe, koma phulusa ayi.

Tsono ntchito yake ichitike motere. Sankhani tsiku lopanda mphepo, muyale mphasa pa khonde, mukhale nonse awiri, bambo ndi mayi, pamodzi ndi munthu wodziwa kuwerenga bwino. Mapepala ambiri a Boma ndi a makampani amalembedwa m'Chingerezi, motero ngati pakhomo panu palibe mwana wa ku sekondale, pemphani aphunzitsi kapena mlangizi wanu. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Mwana awerenge, koma wogamula akhale wamkulu, pakuti mwana sadziwa mbiri ya munda kapena ya ngongole imene inatengedwa iye asanabadwe. Mutenge pepala limodzi limodzi, ndipo pa lililonse mudzifunse funso ili: "Kodi alipo munthu, kapena ofesi, amene angadzanditsutse pa nkhani imene yalembedwa apa?" Ngati alipo, pepalalo ndi mboni yanu, lisungeni. Ngati nkhani yake inatha ndipo palibe angadzaidzutse, lichoke. Pepala lililonse lokhala ndi chidindo, kapena siginecha, kapena chala chodindidwa, lisapse tsiku lomwelo ngakhale lioneke lopanda ntchito; liikeni padera kufikira munthu wachiwiri ataliwerenga.

OSATAYA KONSE

Oyamba ndiwo mapepala onena kuti ndinu yani. Chitupa cha unzika, chimene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa pa kalembera wamkulu wa 2017, ndicho chilikutsegula zitseko zambiri tsopano, ku banki, pogula nambala ya foni, ndi kwina kotero. Chikasowa, kupeza china kumalira ulendo wa ku polisi, ulendo wa ku Boma, ndi ndalama. Chitupa chimene tsiku lake latha musachitaye. Mudzapite nacho pokatenga chatsopano. Pamodzi ndi chitupa pakhale zikalata za kubadwa kwa ana, kalata ya ukwati ya ku tchalitchi, ku mzikiti kapena kwa Boma, zikalata za imfa za makolo, ndi masatifiketi a sukulu. Satifiketi ya mwana amene anakakhala ku tauni si yanu yoti mutaye. Mufunseni mwini wake. Mabuku a ku chipatala asungidwe ngakhale atadzaza, makamaka a odwala matenda okhalitsa monga shuga, kuthamanga kwa magazi ndi chifuwa chachikulu, pakuti dokotala watsopano amaona m'menemo mankhwala amene anakuyanjani ndi amene anakukanani.

Achiwiri ndiwo mapepala a malo. Kale munda unkadziwika ndi mtengo wa pa malire, ndi chulu, ndi pakamwa pa akuluakulu. Lero mitengo ija inadulidwa, akuluakulu alikutisiya mmodzi mmodzi, ndipo anthu tachuluka: pa kalembera wa 1966 tinalipo kungopitirira pang'ono 4 miliyoni, pa kalembera wa 2018 tinaposa 17 miliyoni ndi theka, koma dziko ndi lomwe lija. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, amene wapampando wake ndi a gulupu, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi eni mudzi, ndipo mwa iwowa amayi asachepere 3. Ntchito yolemba malo ikafika kwanu, kalata yakale ya mfumu yokupatsani munda, kapena chigamulo cha pa bwalo cha mlandu wa malire, zidzalankhula m'malo mwa akuluakulu amene anapita.

Lilipo pepala lina limene anthu amalitaya msanga poyesa kuti nkhani yake inatha: lija munalemberana pobwereketsa kapena kuchititsa lendi munda. Mulisunge ndithu. Wobwereka uja akalima zaka 10 namwalira, ana ake adzakula alikudziwa kuti munda ndi wa bambo wawo, ndipo sadzakhala alikunama, pakuti ndi zimene anaona ndi maso. Chimene chidzasonyeze kuti munda unangobwerekedwa ndi kapepala kong'ambidwa m'kope kaja, kokhala ndi zala za anthu awiri ndi chidindo cha mfumu.

Amayi, mawu awa ndi anu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo linalongosola kuti wilo ilembedwe ndi kusayinidwa pamaso pa mboni ziwiri. Koma lamulo limathandiza msanga munthu amene ali ndi chosonyeza. Kalata ya ukwati, wilo ngati ilipo, malisiti a malata, a ngolo ndi a makina osokera, mudziwe pamene zimakhala amuna anu akali moyo. Ndi chifukwa chake ndanena kuti pa mphasa paja mukhale nonse awiri.

MAKALATA A KU JONI

Pano ndifuna kuchedwapo, pakuti ndi mapepala amene amaoneka onyansa koposa onse, achikasu, othetheka m'mopindamo, ndipo ndi amene adzukulu amayamba kutentha. Agogo ambiri a m'midzi mwathu anapita ku Joni pa Wenela. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula anthu athu obwerera kumudzi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Unayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, imene kumudzi timati Theba, ndipo unatha mu 1988. Anthu amenewa anabwera ndi njinga, mabulangete ndi mawailesi, zimene zinatha kalekale; koma ambiri anabweranso ndi fumbi la miyala m'mapapo mwawo, limene silichoka.

Mu 2018 makampani 6 a migodi ya golide ku South Africa anapangana ndi maloya a anthu a m'migodi kuti apereke marandi 5 biliyoni kwa amene anadwala nthenda ya m'mapapo yobwera ndi fumbi la miyala, kapena chifuwa chachikulu chotengera ku ntchito ya mu mgodi. Khoti la ku Johannesburg linavomereza pangano limeneli mu 2019, ndipo ntchito yogawa inapatsidwa kwa bungwe lotchedwa Tshiamiso Trust. Panganoli linakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampani amenewo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, ndiponso akazi ndi ana a amene anamwalira ndi nthendazo.

Mundimvetse bwino, mafumu, kuti mawa mungakauze anthu kuti mlangizi wati aliyense wa ku Joni alandira ndalama. Sindinatero ayi. Mgodi wake uyenera kukhala umodzi mwa imene inalowa m'panganolo, ndipo payenera kukhala umboni wa madokotala wa nthendayo. Chimene ndilikunena ndi ichi: pa nkhani zotere funso loyamba limakhala lakuti munthuyo anali yani, anagwira mgodi uti, ndipo zaka ziti. Ambiri analembedwa ku mgodi ndi dzina lina, kapena kalaliki analemba dzina monga analimvera m'makutu mwake, kotero kuti dzina la ku Joni ndi dzina la pa chitupa cha lero sizifanana. Chimene chimalumikiza maina awiriwo ndi nambala yake ya ku mgodi, ndipo nambalayo ili pa khadi lija lakale, pa mapepala a malipiro, ndi pa kontalakiti. Ngati agogo anamwalira, chikalata cha imfa ndi mabuku awo a ku chipatala ndizo zonena chimene chinawapha. Mayi wamasiye amene anasunga zimenezi ali ndi poyambira. Amene anazitentha amayamba ndi kufunsa anzake a malemu, amene nawonso atsala owerengeka.

Chenjeraninso ndi anthu oyendayenda m'midzi, osonkhetsa ndalama ndi makalata a ku Joni ponena kuti akakutengerani chipukuta misozi. Khadi lenileni lisachoke m'manja mwanu. Ngati pafunika kupereka, mukajambulitse pa makina pa sitolo, mupereke chojambulacho.

MAPEPALA A ULIMI

Awa sasungidwa moyo wonse, koma ali ndi nthawi yake. Mlimi wa fodya amalandira chikalata cha ku okushoni, kaya anagulitsa ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu, chosonyeza mabelo, kulemera kwake, mtengo wake, ndi ndalama zimene zadulidwa. Ambiri amangoyang'ana nambala ya pansi penipeni, nakwinya pepala. Komatu mizere ya pakati ndiyo yofunika, pakuti ndi m'menemo mumaona ngongole ya feteleza imene yadulidwa, ndipo ikadzafunsidwa kachiwiri, ndi pepala lomwelo lidzakuomboleni. Ine ndiona kuti zikalata zotere, pamodzi ndi pangano limene munasayina ndi kampani, zisungidwe zaka 3, ndipo ngati pali mkangano umene sunathe, zisungidwe kufikira utatha.

Pa ngongole, kaya ya ku kalabu, ya ku banki kapena ya kwa munthu, malisiti onse asungidwe kufikira mutamaliza kubweza. Mukamaliza, pemphani pepala lonena kuti ngongole yatha, ndipo limenelo lilowe m'gulu la osataya konse. Makomiti a makalabu amasintha, alembi amasamuka, mabuku amasowa, ndipo si chachilendo munthu kufunsidwa ngongole imene anabweza zaka 5 zapitazo. Kabuku ka banki m'khonde kasungeni kufikira mutagawana chaka chotsatira.

Ng'ombe imene munagula ikhale ndi pepala lake lonena dzina la wogulitsa, mudzi wake, maonekedwe a ng'ombeyo, mtengo, ndi chidindo cha mfumu. Lisungidwe nthawi yonse ng'ombeyo ili m'khola mwanu, ndiponso mutaigulitsa, pakuti mlandu wa ng'ombe yobedwa umalondola mmbuyo kufikira kwa aliyense amene anaigwirapo chingwe. Chimodzimodzi njinga yamoto, njinga yakapalasa ndi foni.

Pepala la pa paketi ya mbewu, pamodzi ndi lisiti lake, lisungeni kufikira mutakolola. Mudziwa kuti alipo anthu osaongoka amene amapaka chimanga wamba utoto nachigulitsa ngati mbewu ya makono. Mbewu ikakana kumera, mlangizi sangathe kukuthandizani ngati simudziwa dzina lake, nambala ya pa paketi, ndi sitolo imene munagula. Mukakolola, lembani dzina la mbewuyo ndi matumba amene mwapeza, pepala lija lichoke.

Kulemba kumene ndanenaku ndiko mankhwala enieni a mulu wa mapepala. Gulani kope limodzi la chikuto cholimba, likhale buku la munda. Chaka chilichonse chitenge masamba awiri: mbewu imene munadzala, tsiku limene mvula yodzalira inagwa, feteleza ndi mtengo wake, aganyu, zokolola, ndi zimene munagulitsa. Mukatero, thumba lathunthu la timapepala limalowa m'masamba awiri, ndipo mukhoza kuona ndi maso anu ngati fodya alikukupindulirani kapena mulikungomulimira wina. Kulembaku nkofunika msanga pa malisiti aja opyapyala, osalala, otuluka m'makina a m'sitolo. Iwo salembedwa ndi inki, koma ndi kutentha, motero akakhala padzuwa kapena m'nyumba ya malata miyezi ingapo amafufutika okha, nasanduka oyera ngati sanalembedwepo. Lisiti lotero likakhala la chinthu cha mtengo, lijambulitseni sabata yomweyo. Musalimatitse m'pulasitiki wa makina otentha aja. Lidzada bii lonse.

OYENERA KUPSA

Tsopano tifike pa amene mungataye ndi mtima woyera. Makuponi a feteleza a mapepala, amene anayamba mu 2005, kuponi iliyonse inali ya chaka chake chokha, ndipo mu 2020 Boma linasintha njira niyamba kugulitsa poona chitupa cha unzika. Otsala m'sutikesi alibenso ntchito. Ziphaso za msonkho uja mwamuna aliyense ankapereka chaka ndi chaka, umene unatha m'zaka za m'ma 1990, palibenso mesenjala amene adzazifunse. Sungani chimodzi chokha choonetsa adzukulu, kuti adziwe chimene chinkagoneka agogo awo kutchire. Ndalama za mapaundi ndi mashileni zinalowedwa m'malo ndi kwacha ndi tambala mu 1971, ndipo za mapepala zija zikuluzikulu zinasinthidwa ndi zatsopano mu 2012. Mukazipeza pansi pa sutikesi musavutike ulendo wa ku sitolo. Matikiti a basi, mapepala a misonkhano ya ndale, makalendala akale, makope a ana odzaza, zonsezi zichoke. Kope lokhala ndi manotsi abwino lipatseni mng'ono wake amene alikudza m'kalasi lomwelo.

Makalata a abale ndi zithunzi sizilowa m'funso lathu lija, pakuti palibe ofesi idzazifunse. Apa gamulani ndi mtima wanu. Langizo langa ndi lakuti musankhe zochepa, ndipo kuseri kwa chithunzi chilichonse mulembe ndi pensulo maina a anthuwo akuluakulu owadziwa akalipo.

Potaya, samalani ndi mapepala okhala ndi dzina lanu, nambala ya chitupa, nambala ya foni kapena ya ku banki. Amenewa musapatse ana kuti akakulungire mandasi ndi usipa ku msika, kapena agogo kuti apichire fodya. Akuba a masiku ano amaba ndi foni: munthu akakuimbirani nakutchulani dzina, mudzi, ndi kalabu yanu, mumakhulupirira kuti ndi wa ku ofesi, pamene iye anangotola pepala. Mapepala otero apse. Kumbani kadzenje kutali ndi nyumba, nkhokwe ndi mitolo ya udzu, mutenthe madzulo mphepo itaima, ndowa ya madzi ili pambali, ndipo musachoke moto usanazime. Mudziwa nokha mmene moto umathamangira m'miyezi ino. Mapepala wamba opanda maina ang'ambeni, muwanyowetse, muwaike m'dzenje la manyowa. Amaola bwino lomwe.

KASUNGIDWE KAKE

Mukamaliza mudzadabwa kuona kuti otsala ndi ochepa, okwana m'maenvelopu 4 kapena 5. Pa envelopu iliyonse lembani za m'kati mwake: za anthu, za malo, za ngongole, za ulimi. Muwaumike pamthunzi tsiku limodzi musanawatsekere, pakuti pepala lachinyezi likatsekeredwa m'pulasitiki limachita nkhungu. Kenaka muwaike m'thumba la pulasitiki lolimba, thumbalo lilowe m'chitini kapena m'chigoba chokhala ndi chotsekera chothina. Chitinicho chisakhale pansi kapena kutsamira chipupa pamene chiswe chimakwera, ndiponso chisatsomekedwe ku denga la udzu, pamene pali podontha mvula ndi poyambira moto. Chikhale pa thandala kapena chipachikidwe ndi waya. Musaike ndalama m'chitini chomwecho. Wakuba sasankha, amanyamula chonse, ndipo mapepala anu amakawataya ku dambo.

Inu a ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe, Mulanje ndi Blantyre, amene munaona madzi a namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, simufuna kuti ndikuuzeni mmene munthu amathawira usiku. Sutikesi yodzaza palibe angathawe nayo ali ndi mwana kumsana. Koma kathumba kamodzi kodziwika pamene kamakhala kamalowa m'malaya. Ichi ndi chifukwa chachikulu chochepetsera mulu uja. Ndi nzerunso kujambulitsa zikalata zikuluzikulu ndi kukasungitsa zojambulazo kwa mbale wokhulupirika wa mudzi wina, kapena kuzijambula pa foni ya mwana wanu. Mapepala akanyowa musawakanule mwamphamvu kapena kuwayanika pa moto. Ayaleni pamthunzi, mudzawalekanitse pang'onopang'ono atayamba kuuma.

MAWU KWA MAFUMU

Zikomo mafumu, tsopano ndilankhule ndi inu. Mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za Boma m'dziko muno anapsa. Kufikira lero anthu ofufuza mbiri amasowa zimene zinali m'menemo. Ngati Boma ndi nyumba zake za njerwa linataya chotero, nanga bokosi la mfumu m'nyumba ya udzu?

M'bokosi lanu muli mapepala a mitundu iwiri, a banja lanu ndi a mudzi, ndipo ndikupemphani kuti muwalekanitse. Buku la maina a anthu a m'mudzi, zigamulo za milandu ya malire, makalata ogawira malo, ndi makalata ochokera kwa Mfumu Yaikulu, zimenezi si zanu, ndi za mpando. Zikhale m'bokosi lakelake, ndipo nduna zanu zidziwe pamene lili. Zimachitika kuti mfumu ikagona, abale pogawana katundu amatenga sutikesi chifukwa ndi yabwino, mapepala nakhuthulira pa dzala, ndipo wolowa ufumu amayamba ntchito wopanda buku. Milandu imene inatha zaka 20 zapitazo imadzukanso pamenepo. Kalata iliyonse imene mudinda ikhale ndi tsiku, mwezi, chaka, ndi maina a mboni, ndipo mawu ake alembedwenso m'buku lanu, kuti wina akataya yake mudzathe kumthandiza.

Zimene mungachotse m'bokosi la mudzi ndi ndandanda zakale za olandira thandizo, zija za chimanga ndi za makuponi za zaka zapitazo. Zili ndi maina ndi manambala a anthu anu, motero zipse, zisapite ku msika. Ndipo muchenjeze anthu pa bwalo kuti chitupa cha unzika si chikole cha katapila, ndiponso sichibwerekedwa kwa mavenda. Ngati m'mudzi mwanu muli okalamba okhala okha, osatha kuwerenga, sankhani tsiku, mupemphe aphunzitsi ndi mlangizi kuti adzawathandize, mmodzi mmodzi, osati pagulu, pakuti za ngongole ndi za matenda munthu safuna kuti mudzi wonse umve.

ZITINI NDI MATUMBA

Kuseri kwa chitseko, kumene kunali sutikesi kuja, mudzapezanso mabotolo ndi zigubu za mankhwala opopera thonje, fodya ndi ndiwo za kudimba. Izi si zotentha, pakuti utsi wake ndi woipa, ndipo si zosungiramo madzi, mchere, mafuta ophikira kapena mowa, ngakhale mutatsuka ndi sopo. Botolo likatha, litsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire m'pampu ndi kukawapopera ku munda, kenaka muliboole pansi kuti wina asalitole. Mankhwala otsala amene tsiku lake linapita, kapena amene pepala lake linamatuka kotero kuti simudziwanso dzina lake, musawathire mu mtsinje, pafupi ndi chitsime kapena m'chimbudzi. Atsekereni pamalo osafika ana, mumuuze mlangizi wanu. Mapilitsi akale a ku chipatala abwezeni ku chipatala. Mabatire akutha a tochi ndi a wailesi ana asaseweretse.

Matumba a chaka chatha ndiwo amasunga nankafumbwe m'misoko mwake. Atembenuzeni, muwakutumule kutali ndi nyumba, muwaviike m'madzi owira ndi kuwayanika padzuwa musanathiremo chimanga chatsopano. Obooka kwambiri achoke. Kumbukiraninso nankafumbwe wamkulu uja, amene analowa m'dziko muno cha ku Karonga mu 1991. Iye amaboola ngakhale mitengo, motero amabisala m'mitengo ya nkhokwe yakale kudikira chimanga chatsopano. Sesani nkhokwe, mutenthe zinyalala zake, ndipo mtengo uliwonse wokhala ndi timabowo ndi ufa pansi pake muuchotse nimuusonkhe pa moto. Chimanga chatsala cha chaka chatha chidyedwe choyamba, chisasakanizidwe ndi cha chaka chino.

Za kathiridwe ka mankhwala m'chimanga chosunga tidzakamba sabata ya mawa, nthawi ngati yomwe ino.